Kolera Idziwa Adiresi Yathu

Mvula ikangoyamba mu Lusaka, pali mau amene amatuluka pamodzi ndi inswa: "Kolera ni matenda ya anthu a doti." Mudzawamva m'minibasi, mudzawamva pa wailesi anthu akamatuma mafoni, ngakhale mu stafurumu pa nthawi ya tiyi. Kawirikawiri wonena mauwa amakhala munthu amene m'nyumba mwake muli pompi.

Ine ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale m'komboni, ndipo mau amenewa amandivuta. Cipongwe cake ndimacimva, koma cimene cimandivuta kwambiri n'cakuti masamu ake sagwirizana. Amai a ana amene ndimaphunzitsa amayamba kusesa pabwalo kusanace. Mapoto amakweca mpaka udzionemo nkhope, pansi amapaka Cobra, yunifomu ya mwana imabwera yosita ndi nsimbi ya malasha. Koma kumeneko n'kumene kolera imafika coyamba. Pamene ndinali ku yunivesiti tinkakhala anyamata asanu ndi mmodzi m'nyumba ya lendi kumayadi, mbale zinkagona masiku atatu mu sinki, zinyalala zinkadikira amene adzagonja ndi fungo. Palibe mmodzi wa ife amene anadwalapo kolera. Ngati doti ndiye yankho lonse, ife tinayenera kuyamba ndife.

Pali sayansi imene nchito yake ndi kufufuza zinthu zotere. Dzina lake ndi epidemiology. Dokotala amaona wodwala mmodzi amene wagona pa bedi. Wa epidemiology amaona tauni yonse, n'kufunsa kuti akudwala ndani, akhala kuti, ndipo anayamba liti. Akasonkhanitsa mayankho amafuna cinthu cimene odwala ali naco cofanana cimene osadwala alibe. Cinthu cimeneco amacicha risk factor, kutanthauza ciliconse cimene cimakulitsa mpata wakuti munthu adwale. Ndi njira imeneyi imene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyezera mu 1950 kuti fodya amagwirizana ndi khansa ya m'mapapo. Si aliyense wokoka fodya amene amadwala khansa, ndipo alipo ena osakoka amene amaidwala, koma mukawerenga anthu masauzande kusiyana kwake kumaonekera poyera. Risk factor imakamba za mpata. Siimakamba za khalidwe la munthu pamaso pa Mulungu. Mwacitsanzo, anthu a magazi a gulu O kolera ikawagwira imawapweteka kwambiri kuposa ena, ndipo palibe amene anasankha gulu la magazi ake.

Nkhani imene ndimakonda kuuza ana m'kalasi inacitika ku London mu 1854. Kumapeto kwa Ogasiti caka cimeneco kolera inabuka m'dera la Soho, ndipo m'masiku 10 cabe anthu oposa 500 anafa. Madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya woipa, fungo la m'makwalala a anthu osauka. Mukuona kuti mau a mu minibasi aja ndi akale ndithu. Dokotala wina dzina lake John Snow sanakhutire. Anatenga mndandanda wa anthu akufa n'kuyamba kuyenda nyumba ndi nyumba, kufunsa ofedwa funso limene mwina linkaoneka lopanda ulemu pa maliro: munkatunga kuti madzi? Pa mapu amene anajambula pambuyo pake, imfa iliyonse anaiika ngati kamzere kakuda pa nyumba imene inacitikira. Timizere tija tinaunjikana mozungulira pompi imodzi ya pa Broad Street.

Cimene cimandisangalatsa ine si mapu okha. Ndi mmene Snow anatsatira anthu amene sanali kugwirizana ndi mapuwo. Pafupi ndi pompi panali nyumba yosungiramo anthu osauka, munali anthu 535, koma anafa ndi 5 cabe. Anapeza kuti anali ndi citsime caocao. Pa msewu womwewo panali fakitale ya mowa ya anchito pafupifupi 70, ndipo palibe anafa. Ankapatsidwa mowa ku nchito, madzi a pa pompi ija sankawafuna. (Ndikafika apa anyamata a kumbuyo kwa kalasi amaomba m'manja, ndiye ndimawakumbutsa kuti ciwindi naco cili ndi epidemiology yake.) Ndiyeno panali mai wina wamasiye amene ankakhala ku Hampstead, kutali ndi Soho, kumene kunalibe kolera. Anafa. Snow atafufuza anamva kuti maiyo kale ankakhala pafupi ndi Broad Street, ndipo ankawakonda madzi a pa pompi ija cifukwa ca kukoma kwake, moti ankamubweretsera botolo pa ngolo. Wacibale wake amene anabwera kudzaceza n'kumwako madziwo nayenso anafa. Mai ameneyu sanapume mpweya wa ku Soho, sanakhale m'doti ya ku Soho. Anangomwa madzi.

Pa 8 Sepitembala akuluakulu a deralo anacotsa cogwirira ca pompi. Kunena zoona mliri unali utayamba kale kucepa, cifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndipo Snow mwiniyo anavomereza zimenezi. Amene anamaliza nkhaniyi anali m'busa wa chalichi ca m'deralo, Henry Whitehead, amene poyamba anafuna kutsutsa Snow. Pofunsa nkhosa zake anapeza kuti pa nyumba nambala 40 panali khanda limene linadwala mliri usanabuke. Amake ankacapa matewera n'kutaya madziwo m'dzenje la cimbudzi kutsogolo kwa nyumba. Atakumba anapeza kuti dzenjelo linali kudontha, ndipo mtunda wake kufika pa citsime ca pompi sunakwane ndi mita imodzi yomwe.

Amai amene anacapa matewera aja anacita zimene mai aliyense waukhondo amacita. Mlandu unali pa mtunda wa pakati pa dzenje ndi citsime.

Ndikawerenga zimenezi sindiona London. Ndimaona Kanyama, Misisi, Chawama, George, John Laing, Chipata. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kumwera ndi kumadzulo, inamangidwa pa mwala wa laimu ndi dolomite. Mwala umenewu madzi amaudya pang'onopang'ono, umakhala ndi ming'alu ndi mapanga pansi. Kumalo kumene kuli dothi lakuya, madzi oipa amasefeka pamene akutsika. Kuno amangodutsa m'ming'alu ngati m'paipi. Ndiponso madzi a pansi ali pafupi kwambiri, n'cifukwa cake ku Kanyama munthu amakumba pang'ono cabe n'kupeza citsime, ndipo n'cifukwa cake cimbudzi ca dzenje cimadzala msanga mvula ikagwa. Dzenje la cimbudzi ndi citsime zimamwa madzi amodzimodzi. Mvula ikacita mphamvu zimbudzi zimasefukira, madzi amalowa m'nyumba, ana amapita ku sukulu nsapato zili m'manja.

Anthu sanasankhe malo amenewa cifukwa cokonda matope. Lusaka anakhala likulu mu 1935, ndipo amene anamukonza anajambula tauni ya misewu yotakasuka ndi mitengo ya azungu ndi anchito a boma. Anthu akuda amene anabwera kudzamanga tauniyo, kuphwanya miyala ndi kuphika m'makhicini anakhala m'mbali, pa mafamu ndi pa malo a makontilakita. Maina monga George, John Howard ndi John Laing akali kutikumbutsa za eni malo amenewo. Lero anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse mu Lusaka akhala m'makomboni, ndipo nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji n'zocepa kwambiri. Mapu a kolera amene timaona caka ndi caka anayamba kujambulidwa agogo athu asanabadwe.

Mu Okutobala 2017 kolera inabuka mu Lusaka, ndipo pofika Meyi 2018 odwala m'dziko lonse anali pafupifupi 6,000, akufa oposa 100. Ambiri tikukumbuka asilikali akuyeretsa m'tauni, ogulitsa m'misewu akucotsedwa, ndi cipolowe ca ku Kanyama mu Januwale 2018 pamene anthu analetsedwa kuyenda usiku ndi kugulitsa. Patangopita zaka zisanu ndi cimodzi, mu Okutobala 2023, inabweranso, ndipo ulendo uno inali yoopsa kuposa kale lonse. Odwala anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700. National Heroes Stadium, kumene timapita kukaonera Chipolopolo, inasanduka cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anakankhidwira ku 29 Januwale, kenako ku 12 Febuluwale. Anansi athu ku Malawi anali atangotuluka mu mliri wao wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700.

Manambala amenewa amafunika kuwagwira mosamala. Cinthu coyamba cimene ndimauza ana anga ndi cakuti nambala ya odwala payokha siikuuza zambiri ngati sudziwa denominator, nambala ya pansi pa fraction. Tiyerekezere komboni ina ya anthu 200,000 ili ndi odwala 100, ndipo ina ya anthu 10,000 ili ndi odwala 30. Pa nyuzi mudzamva za yoyamba ija. Koma mukagawa, yoyamba ili ndi odwala 5 pa anthu 10,000 alionse, yaciwiri ili ndi 30. Ngozi yaikulu ili kumene kamera sinapite. Snow anadziwa zimenezi. Kumwera kwa London kunali makampani awiri a madzi amene mapaipi ao ankadutsa m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi kampani iyi, nyumba yotsatira kampani ina. Kampani ya Southwark and Vauxhall inkatunga madzi mu mtsinje wa Thames pakati pa tauni, pamene zonyansa zinkathiramo. Ya Lambeth inali itasamukira kumtunda kwa mtsinje. M'masabata 7 oyamba a mliri wa 1854, pa nyumba 10,000 zilizonse za kampani yoyamba panafa anthu 315, pa za Lambeth 37. Anthu ofanana, msewu umodzi, mpweya umodzi, olemera ndi osauka mbali zonse ziwiri. Cosiyana cinali paipi.

Palinso cina cimene cimasokoneza maganizo akuti wodwala ndiye wadoti. Anthu ambiri amene kacilombo ka kolera, Vibrio cholerae, kalowa m'thupi mwao sadwala n'komwe, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono. Koma amakatulutsa m'cimbudzi kwa masiku angapo, mwina mpaka 10. Ndiye kuti munthu wa suti amene akunyoza mu minibasi uja angakhale atakanyamula osadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akagejemula, zonse zimapita kutali ndi madzi amene mnansi wake amamwa.

Sindikunena kuti kusamba m'manja n'kopanda nchito. Sopo amathandiza, kuphimba cakudya kumathandiza, kudya nsima ikali yotentha kumathandiza, ndipo wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi ngalande yonunkha ayenera kuuzidwa zoona. Koma uphungu uliwonse uli ndi mtengo wake. Kuwiritsa madzi a banja la anthu asanu ndi atatu kumafuna malasha. Kusamba m'manja kawirikawiri kumafuna madzi amene wina wanyamula pamutu m'cigubu ca malita 20 kucokera ku kiyosiki, atakhala pa mzere kuyambira m'mamawa. Kiyosiki ikauma, monga zinkacitikira kawirikawiri mu 2024 pamene cilala cinacepetsa magetsi ndipo mapampu ankaima, citsime ca kuseri kwa nyumba cimakhala pomwepo, caulere, madzi ake oyera ngati galasi. Mai wa ku Hampstead uja nayenso ankati ndi okoma.

Tsopano ndifike pa cimene cinandicititsa kulemba. Kudwala kolera ndi nkhani ina, kufa nayo ndi nkhani inanso, ndipo iliyonse ili ndi ma risk factor ake. Kolera imapha mwa kukhetsa madzi m'thupi. Munthu amatsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, amasanza, maso amalowa, ndipo wamkulu wamphamvu angathe kufa m'maola ocepa. Koma mankhwala ake ndi osavuta modabwitsa, ndi kubwezera madzi ndi mcere zimene zikutayika. Odwala akalandira thandizo msanga, akufa safika ngakhale mmodzi pa 100. Mu mliri wathu wa 2023 ndi 2024, mukagawa 700 ndi 20,000 mupeza oposa 3 pa 100. Gawo lalikulu la anthu amenewa anafera kunyumba kapena panjira, asanafike pa cipatala.

Masukulu atatsegulidwa mu Febuluwale, mnyamata wina wa Giredi 11 anabwera patapita sabata. Ndi mwana wanzeru, wa nthabwala, koma anangokhala duu. Titaweruka anatsala, ndipo anandiuza kuti amalume ake, amene ankamulipirira zonse za sukulu, anamwalira mu Januwale. Anayamba kutsegula m'mimba ca m'ma 21:00. Akazi ao anafuna kuitana aneba kuti athandize kuwanyamula, koma iwo anakana.

"Ba Sir, benze kukamba ati anthu bazatiseka, ati pa nyumba paja ni pa doti. Ati tiyembekeze kuce."

Panalinso mantha ena. Anthu ankadziwa kuti wopita ku stadium abale samuona, ndipo akafa maliro ake sakhala monga mwa mwambo, thupi silibwera kunyumba. Malamulo amenewo anali ndi cifukwa cake, pakuti kusambitsa mtembo wa kolera ndi kudya pamodzi pa maliro kumafalitsadi matendawa. Koma kwa munthu amene wagona pa mphasa usiku, zonsezi zimasanduka cifukwa cimodzi codikirira. Anawakweza pa wilibala ca m'ma 04:00. Sanafike.

Mnyamatayo sanalire pondiuza. Anangofunsa kuti, "Manje Ba Sir, sembe tinabapeleka pa 21, sembe balipo?" Ndinamuyankha kuti mwina, cifukwa masamu amene ndimadziwa amakamba za anthu 100, sakamba za amalume a munthu mmodzi. Koma mumtima ndinadziwa mbali imene mpatawo unapendekera. Maola asanu ndi awiri amenewo anawadya ndi manyazi, ndipo manyaziwo anacokera m'mau amene timaponya mosaganiza mu minibasi. Sindinaonepo fomu ya cipatala imene ili ndi bokosi lolembapo "anaopa kusekedwa". Likanakhalapo, ndikhulupirira likanadzala.

Kucokera tsiku limenelo kalasi iliyonse imene ndimaphunzitsa imalemba cinthu cimodzi kumbuyo kwa buku la masamu, ngakhale sicili mu silabasi. Lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka pamwamba, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Ngati pali paketi ya ORS, ndiye bwino koposa. Wodwala ayambe kumwa nthawi yomweyo, pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo azimwa ali panjira yopita ku cipatala, usiku kapena masana. Ndimawauza kuti imeneyi ndi ratio, ndipo idzabwera pa mayeso. Imabweradi, cifukwa mayeso a pakati pa temu ndimalemba ndine.

Katemera wa kolera aliko, wakumwa, ndipo anaperekedwa m'makomboni mu 2018 ndi mu 2024. Amathandiza, koma mphamvu yake imatha pakapita nthawi, ndipo padziko lonse anali wocepa moti mu Okutobala 2022 anthu anayamba kupatsidwa dozi imodzi m'malo mwa awiri pa nthawi ya mliri. Amagula nthawi cabe. Ku London nakonso cogwirira ca pompi cija anacibwezerapo mliri utatha, ndipo akuluakulu anakana maganizo a Snow. Iye anamwalira mu 1858 asanaone kusintha. Caka comweco kunatentha kwambiri, mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu a nyumba ya malamulo, imene ili m'mbali mwa mtsinjewo, analephera kupirira. Ndalama zomangira masuweji akuluakulu zinapezeka mwamsanga. Mliri womaliza wa kolera mu London unacitika mu 1866, ndipo unakantha kwambiri kum'mawa kwa tauni kumene nchitoyo inali isanathe. Nyumba yathu ya malamulo ili pa kaphiri, kutali ndi Kanyama, ndipo mphepo ya kumeneko ndi yabwino.

Temu yatha ndinapatsa ana a Giredi 10 nchito ya kunyumba pa mutu wa scale drawing. Aliyense ajambule pulani ya poloti imene akhalapo, aonetse nyumba, cimbudzi, ndi pamene amatunga madzi, ayeze mitunda ndi mapazi. Ndinawauza kuti akatswiri amalangiza kuti citsime cikhale mamita osacepera 30 kucokera pa cimbudzi ca dzenje, ndipo pa mwala wa ming'alu ngati wathu ngakhale 30 imeneyo siingadaliridwe. Kalasi inaseka. Poloti zambiri m'komboni sizifika mamita 30 kucokera kumpanda kufika kumpanda.

Mapepala atabwera tinawamata pa bolodi. Ena anali ndi pompi pabwalo, ambiri analemba kiyosiki ndi muvi wosonyeza kutali. Mtsikana wina wacete, amene amakhala kutsogolo cifukwa ca maso, anajambula bwino kuposa onse, ndi rula ndi pensulo yosongoka. Zitseko 8, mabanja 8, cimbudzi cimodzi pakona, citsime pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Pakati anajambula mzere wa madontho n'kulembapo: mapazi 11. Pansi pake anawonjezera cimene sindinafunse, kuti cimbudzi ca aneba kuseri kwa mpanda cili pa mapazi 6.

Ndinamufunsa ngati anaonetsa aliyense kunyumba. Anati anaonetsa amake, ndipo amake anapita nalo pepalalo kwa alandilodi. Alandilodi, mdala wopuma pa nchito amene nayenso amamwa madzi a pa citsime comweco, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mwanayo ajambula bwino. Kenako anafunsa kuti, "Nanga poloti ni yamene iyi, toileti nizaifaka kuti, pa mutenge?"

Anagwirizana kuti banja lililonse liziponya kandalama mwezi ndi mwezi kogulira klorini, ndi kuti madzi akumwa azicokera ku kiyosiki. Mtsikanayo ndiye anapatsidwa nchito yosunga buku la zopereka, popeza ndiye wa masamu. Sabata yatha anandiuza kuti mabanja awiri sanapereke mwezi uno, ndipo kiyosiki yakhala yotseka masiku atatu.